Tsiku Limene Ndidawagwetsa Ababa

Ndidali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndidawadziwa nkhope bambo anga ondibereka. Adawatengera kunkhondo ine ndili wakhanda, ndisanamere ndi dzino lomwe. Amayi ankati anthu a mfuti adawapeza kumunda akupalira chimanga, ndipo sadawalole ngakhale kukatsanzika kunyumba. Patapita miyezi ingapo nkhondo idafika m'mudzi mwathu, kufupi ndi Entre Lagos, choncho amayi adandibereka kumbuyo n'kuwoloka malire kulowa m'Malawi. Ndidakulira kumeneko, m'kanyumba kaudzu pakati pa anthu ena othawa nkhondo, tikudya ufa wachikasu wolandira.

Zaka zonsezo bambo anga adali nkhani chabe. Ndikafunsa, amayi ankayankha mwachidule kuti ali ku tropa, kutanthauza kuusilikali, ndipo adzabwera Mulungu akalola. Poti chithunzi chawo tidalibe, ndidawaumba ndekha m'mutu mwanga. Adali munthu wamtali, wamapewa otambalala, wovala jombo zonyezimira, woti akatsokomola anthu n'kupatuka. Ndinkawaopseza nawo anzanga tikayambana pamasanje.

Mtendere utabwera tidabwerera kwathu. Tidapeza pamudzi pali tchire lokhalokha, ndipo mtengo wamango ndiwo udatiuza pomwe padali nyumba yathu. Amayi adamanga kachisakasa mothandizidwa ndi achibale, tidayamba kuswa mphanje. Masana ena, amayi akusinja, munthu wina adaima pansi pa mango uja. Adali wamfupi, woonda, wamaso olowa m'kati. Kuphazi adavala nkhwayira za tayala. Adanyamula chidebe, khasu lopanda mpini ndi kathumba ka mbewu, zinthu zimene asilikali ankapatsidwa powabweza kwawo. Ine ndidayesa ndi wapaulendo wofuna madzi akumwa. Koma amayi adaponya munsi, adakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro.

Munthuyo adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu ndi Rozina?" adafunsa motsitsa mawu.

Adatambasula dzanja, koma ine ndidathawira kumbuyo kwa amayi. Mtima wanga udakana. Sadali bambo amene ndidakhala ndikuwadikira.

Dzina lawo lidali a Zuze. Adali munthu wosayankhulayankhula, koma manja awo sankadziwa kukhala. Chaka chisanathe adali atamanga nyumba yanjerwa zosawotcha, atalima munda wonse wa agogo, ndiponso atalumikiza njinga. Felemu yake adaitola m'bwinja lina, mawilo adasinthanitsa ndi nkhuku, ndipo chishalo adasema chathabwa n'kuchikuta ndi chikopa cha mbuzi. Mvula ikatha ankalawirira m'bandakucha ndi njingayo kupita kunyanja ya Chiuta, kukapikula matemba ouma ndi milamba yowamba kwa asodzi. Masana ankabwera nazo kumsika wa pasiteshoni, komwe anthu a pa komboyo, sitima yapanjanji, ankagula. Malaya awo ankanunkha utsi ndi nsomba ngakhale amayi awachape bwanji.

Koma adabwera ndi chinthu china chimene sichidali m'chidebe chija. Kukamveka kulira kwadzidzidzi, kaya tayala laphulika, kaya wina wamenyetsa chitseko cha ngolo ya komboyo, kaya nsungwi yaphulika pamoto, Ababa ankadziponya pansi chafufumimba, paliponse pamene ali. Ankakhala chigonere kanthawi, kenaka n'kudzuka, kudzisasa fumbi, n'kupitiriza zomwe amachita osanena kanthu. Akuluakulu ankayang'ana kumbali ngati sadaone. Ana ndiwo sadziwa kuyang'ana kumbali. Adawapatsa dzina loti a Gonapansi, ndipo dzinalo lidawanda mpaka kumsika.

Ine kusukulu ndidali kale pamavuto anga. Ndidabwera ndi kayankhulidwe ka ku Malawi, Chipwitikizi osachidziwa ndi pang'ono pomwe, moti aphunzitsi akamayankhula ndinkangoona milomo ikugwedera. Anzanga ankanditcha wodya zolandira. Mtsogoleri wawo adali Luiza, mwana wa mwini sitolo ya pasiteshoni, mtsikana wovala nsapato, wodziwa Chipwitikizi ngati adabadwa nacho. Amene Luiza wamukonda, kalasi yonse inkamukonda. Mnzanga adali mmodzi yekha, Zainabu, mwana wa msodzi wina amene Ababa ankapikulako nsomba. Iye ankakhala kwa azakhali ake pafupi ndi sukulu, ndipo nayenso ankasekedwa chifukwa cha Chiyao chimene chinkalowerera m'mawu ake. Ndinkamukonda Zainabu, koma mtima wanga unkalakalaka kukhala m'gulu la Luiza.

Tsiku lina panthawi yopuma Luiza adandifunsa pamaso pa onse ngati ndi zoona kuti a Gonapansi ndi bambo anga. Onse adanditembenukira. Ndidayankha kuti ayi, bambo anga enieni adafera kunkhondo mfuti ili m'manja, awa ndi munthu chabe amene adangokwatira amayi anga. Bodzalo lidatuluka mosavuta, ngati lidakhala likudikira pakhosi. Luiza adaseka n'kunena kuti ngati zili choncho ndiwaonetse. Adatulutsa m'chikwama kapepala kapulasitiki kamene munkakhala shuga wa m'sitolo mwawo, n'kundiuza chochita. Zainabu adandikoka mkono, akundinong'oneza kuti ndisayerekeze, koma ndidamukankha.

Idali nyengo yotentha, mvula isanagwe, pamene mchenga umawotcha mapazi. Msewu wochokera kunyanja unkadutsa kumbuyo kwa sukulu, ndipo pamenepo padali mchenga wambiri woti wanjinga aliyense ankatsika n'kumakankha. Titaweruka tidabisala kuseri kwa mpanda wa nkhadze, ana okwana ngati khumi ndi asanu. Posakhalitsa Ababa adatulukira, dengu lalikulu lili pakaliyala, thukuta likuyenderera m'khosi. Adatsika n'kuyamba kukankha, mutu ataweramitsa.

Ndidauzira mpweya m'kapepala kaja mpaka kadafufuma. Ndidatuluka mwakachetechete n'kuwatsata kumbuyo. Ndikukumbukira kuti ndidaona chigamba chimene amayi adasoka pamsana pa malaya awo, ulusi wake wofiira. Ndidatsala mapazi awiri okha. Ndidamenya kapepalako, kadaphulika.

Zimene zidachitika sindidaziyembekezere. Ndinkayesa adzigwetsa kutsogolo monga mwa masiku onse. Koma adatembenuka mwaliwiro ngati mphezi, adasiya njinga, adandigwira pamapewa n'kundigwetsera pansi, iwo n'kugona pamwamba panga. Dzanja lawo limodzi lidaphimba mutu wanga. Njinga idatigwera, dengu lidamasuka, nsomba zidamwazika mumsewu monse.

"Gona, mwana! Usadzuke! Usadzuke!"

Mawuwo sadali awo amene ndinkawadziwa. Adali aakulu, osasa, ochokera kutali. Nkhope yanga idali mumchenga, ndipo pamsana panga ndinkamva mtima wawo ukugunda ngati mtondo wa anthu awiri. Sadandisiye. Kuseri kwa nkhadze kudamveka kuseka, kenaka kusekako kudayamba kuzilala, mpaka kudangoti zii.

Patapita kanthawi adadzutsa mutu n'kuyang'ana uku ndi uku. Adandidzutsa, adandipapasa m'manja ndi m'miyendo kuona ngati ndavulala. Apo m'pamene adazindikira kuti mwanayo ndi ine. Ndipo apo m'pamene adaona kapepala kong'ambika kaja, kadakali m'dzanja langa. Adakayang'ana, adandiyang'ana ine, adayang'ananso ana amene adali kusuzumira pampanda. Pedulo ya njinga, imene idali chitsulo chokhachokha chopanda labala, idawang'amba pamsongolo, ndipo magazi ankatsikira m'nkhwayira. Adagwada n'kuyamba kutola nsomba imodziimodzi. Zainabu yekha ndiye adatuluka kukawathandiza. Ine ndidathawa.

Ndidakabisala m'dambo kuseri kwa njanji mpaka dzuwa lidapendeka. Njala ndi ludzu zitandikola ndidabwerera kunyumba. Nkhani idali itafika kale, chifukwa msika wonse udaimva. Amayi adandidikira pakhomo ndi kamtengo ka bwemba, maso ali psu. Ababa adakhala pamphasa, mwendo atamanga ndi chidutswa cha kapulana, chitenje chakale cha amayi. Amayi atandigwira mkono, iwo adakweza dzanja.

"Amake Rozina, musiyeni. Ndamugwetsa kale ine ndi thupi langa lonseli. Zamukwana."

Amayi adalimbikira kuti mwana wochita zotere kwa bambo wake akapanda kulangidwa adzakula ngati chinyama. Ababa adangopukusa mutu. Pamapeto pake amayi adataya kamtengo kaja n'kugamula kuti popeza nsomba ndadetsa ndine, ndidzaziyeretsa ndine, dengu lonse. Kunena zoona ndikadakonda kukwapulidwa. Mkwapulo umapweteka n'kutha.

M'mawa mwake lidali Loweruka. Amayi adandiikira dengu ndi lichero pansi pa mango, iwo n'kupita kuchitsime. Matemba adali odzaza mchenga m'makha ndi m'mimba, ambiri ataphwanyika. Ndinkapeta, n'kusankha, n'kupukuta milamba ndi kansanza. Ndili mkati mwa ntchitoyo Ababa adabwera motsimphina n'kukhala moyang'anana nane. Adakoka mulu wina wa nsomba n'kuyamba kusankha nawo. Tidagwira ntchito nthawi yaitali. Ine maso adali pa lichero basi.

Kenaka adayamba kufotokoza, osandiyang'ana, ngati akuuza nsombazo. Adati chaka china gulu lawo lidapatsidwa ntchito yoperekeza malole onyamula chimanga. Adaima pamudzi wina kuti athire madzi m'galimoto imodzi imene idatentha. Kamtsikana kena kadabwera ndi beseni la masuku pamutu, kakugulitsa. Kadali kamsinkhu wanga, kovala diresi lalikulu loposa thupi lake. Iwo adakaitana, ndipo adali akusankha masuku pamene mfuti zidayamba kulira kuchokera m'tchire. Ku tropa adawaphunzitsa kuti chikalira chinthu, gona. Adagona, n'kukwawira pansi pa lole. Kamtsikana kaja sikadaphunzitsidwe ndi munthu. Kadangoima, manja atagwira beseni.

"Kadali pafupi chonchi, ngati iwe ndi ine," adatero. "Dzanja likadafika. Koma ndidagona ndekha."

Adatenga mlamba wina, adaupukuta mbali zonse ziwiri, n'kuuika padera.

"Sindidakafunse ndi dzina lomwe. Ndiye kuyambira tsiku limenelo, chikalira chinthu, thupi limagwa lokha, koma manjawa amayamba kufunafuna mwana. Masiku onse amapeza mchenga. Dzulo adapeza iwe."

Sadandifunse chifukwa chimene ndidachitira zimenezo. Ndikuganiza kuti ankachidziwa, pakuti adawonjeza mawu amene mpaka lero amandilasa.

"Zoti bambo ako adafera kunkhondo ndazimva. Sudaname kwenikweni, mwanangu. Amene adachoka pano sadabwere yense."

Ndidafuna kupepesa. Misozi inkagwera pa matemba, ine n'kumapukuta msangamsanga kuti asaone. Tidamaliza dengu lija dzuwa lili pamutu, ndipo ndidadzuka osapepesa.

Lolemba Luiza adandilandira ndi manja awiri, adandisungira malo pabenchi pake. Ndidamuuza pamaso pa anzake kuti a Zuze ndi bambo anga ondibereka, ndipo zija ndidanena zidali zabodza. Adandiseka tsiku lonse. Ndidabwerera kukakhala kumbuyo ndi Zainabu, amene sadandikumbutsepo nkhaniyo ngakhale kamodzi. Dzina la Gonapansi silidathe. Ana ena adapitiriza kulitchula mpaka adakula, ana awo n'kulitola.

Chilonda cha pamsongolo chija sichidapole msanga. Chidatukusira, mwendo udatupa, ndipo mvula yonse ya chaka chimenecho adalima atakhala pampando. Chitapola, mwendowo sudabwererenso mwakale. Kupalasa njinga yolemera mumchenga wa ku Chiuta kudayamba kuwavuta, mpaka adasiya geni ya nsomba. Adayamba kuumba njerwa ndi kukumba zitsime m'midzi, ntchito zoti munthu umagwira utaima malo amodzi. Amayi akakwiya ankandikumbutsa kuti mwendowo ndidaononga ndine. Ababa sadanenepo zimenezo. Munthu akawafunsa, ankati adagwa panjinga.

Njerwa zimenezo ndizo zidandiphunzitsa. Nditamaliza sukulu ya kwathu adanditumiza ku Insaca, kenaka ku Cuamba komwe ndidaphunzira zauphunzitsi. Tsiku lonyamuka adandinyamulira thumba mpaka pasiteshoni, akutsimphina kutsogolo kwanga. Ndidakonzekera kuti ndipepese pamenepo, koma padali anthu ambiri. Ndidati ndidzanena ndikadzabwera patchuthi. Patchuthi ndidati ndidzanena ndikadzayamba ntchito. Nditayamba ntchito ndidawagulira jekete, wailesi ndi malata, ndikuyesa kuti zinthuzo zindiyankhulira. Ankalandira ndi manja awiri n'kuthokoza ngati ndine mlendo wolemekezeka. Tinkacheza za mvula, za mbewu, za adzukulu awo, koma nkhani ija idakhala pakati pathu zaka pafupifupi makumi awiri.

Fumbi la m'zitsime ndi utsi wa mauvuni zidawadya chifuwa pang'onopang'ono. Atafooka kwambiri tidawagoneka kuchipatala cha ku Insaca. Masana ena amayi atapita kukaphika phala kuseri, ndidatsala nawo ndekha. Adali ataonda kuposa tsiku lija adaima pansi pa mango. Ndidagwada pambali pa bedi, ine mayi wa ana atatu, n'kunena zimene zidandikanika ndili mwana. Ndidati andikhululukire za kapepala kaja, za mwendo, ndi za mawu aja ndidanena kusukulu.

Adandiyang'ana modabwa, kenaka adamwetulira pang'ono.

"Wakhala ukusenza zimenezo zaka zonsezi?" adafunsa. Adapuma kaye, chifukwa mpweya unkawathera. "Ine tsiku limenelo sindilikumbuka choncho. Ndidakusiya uli kakhanda, ndidakupeza ukundithawa. Pamchenga paja ndi pamene ndidakugwira koyamba. Ndidadzuka mwana ali moyo, ndipo mwanayo ndi wanga. Ukati ndikhululuke, ndikhululuka chiyani?"

Ndidalira ngati mwana, iwo akundisisita m'mutu ndi dzanja lokhakhala ngati khungwa. Adamwalira patapita masiku anayi, dzuwa likutuluka.

Pamaliro pawo padalibe yunifolomu, mbendera kapena lipenga. Padabwera alimi, asodzi a ku Chiuta ndi makofiya awo kumutu, ndi amayi ambiri ochokera m'midzi imene adakumbamo zitsime. Padabweranso nkhalamba zitatu zimene sitinkazidziwa, zitayenda wapansi kuchokera kutali. Zidakhala pazokha, sizidayimbe nawo nyimbo. Bokosi litatsitsidwa zidaimirira mowongoka, manja m'mbali, kwa kanthawi ndithu, kenaka zidatsanzika amayi n'kubwerera. Mmodzi wa iwo adangondiuza kuti adali limodzi ndi a Zuze, ndipo adali munthu wosadya yekha.

Lero ndili ndi zaka zoposa zimene Ababa adali nazo tsiku lija ndidawagwetsa. Nthawi imeneyo ndinkawaona ngati nkhalamba, chonsecho adali asanakwanitse ndi zaka makumi anayi zomwe. Unyamata wawo wonse udathera kutchire, pankhondo imene sadaisankhe, ndipo otsalawo adaugawa kwa ife m'mizere, m'madengu ndi m'maenje. Ndazindikira mochedwa kuti nkhondo siitha tsiku limodzi kwa anthu onse. Ife idatithera pamene tidawoloka malire kubwerera kwathu, koma iwo adaisenza mpaka kumanda, mwakachetechete, kuti isatigwere ife. Ndazindikiranso kuti kupepesa sikufuna tsiku labwino. Ndikadanena mawu amodzi okha pansi pa mango paja, ndikadakhala ndi bambo zaka makumi awiri, osati masiku anayi. Iwo adali atandikhululukira ndisanadzuke ndi pamchenga pomwe. Amene adatalikitsa njira ndidali ine.